Zitsulo Zokana Dzimbiri

Lachisanu m'mawa Sajeni Manesi anapita kuchitokosi atanyamula kapu ya tiyi, chinthu chimene sanachitirepo womangidwa wina aliyense. Anadziuza kuti ndi ulemu chabe. Zoona zake n'zakuti manyazi anali atamukaniza tulo.

M'chitokosimo munali Andreya, bambo wa ku Congo wokhala kukampu ya othawa kwawo ku Dzaleka, katswiri wowongola ndi kupenta magalimoto. Dzulo lake Manesi anamumanga unyolo pakhomo pa malume ake, a Kalebe Kamphinda, n'kumuyendetsa wapansi pakati pa msika wa Mwalawanjiwa anthu akumukuwiza. Njira yachidule yodzera kuseri kwa chigayo inalipo, ndipo Manesi ankaidziwa kuyambira ali mwana. Anasankha ya pamsika kuti anthu aone kuti pakhomo pamene pali wapolisi sipaseweredwa.

A Kalebe anali mphunzitsi wamkulu wopuma, mkulu wa mpingo, ndiponso munthu amene analera Manesi mayi ake atamwalira. Ankakonzetsa galimoto ya malemu bambo awo, Morisi yakalekale yozungulira ngati kamba, kuti idzayende patsogolo pa anthu tsiku la chiliza cha gogoyo sabata yotsatira. Andreya anali atatha kuiwongola ndi kuipenta. Kunangotsala kumangirira zonyezimira za kunja: mabampala, mawilikapu ophimba pakati pa matayala, timizere ta m'mbali ndi baji ya pabonati. Zonsezi zinali zatsopano, zopangidwa motengera zakale, zochita kuitanitsa kunja. Lachinayi zinapezeka kuti mulibe m'chipinda chokhoma chimene ankazisungamo.

Lolemba mlandu unali kupita kukhoti kuboma. Munthu wa kukampu, wopanda m'bale womuimira pa belo, akangolowa kundende yodikirira mlandu ndiye kuti aiwalika komweko. Manesi ankadziwa zimenezi bwino lomwe.

"Imwani tiyi, bambo Andreya."

"Zikomo, mama polisi." Analandira ndi manja awiri. Pamkono panali pakuonekabe mzere wa unyolo, ndipo Manesi anayang'ana kukhoma.

"Kiyi wa chipinda chija munamugwirapo?"

"Lachiwiri. Mama wa nyumba anapatsa ine, nditenge penti. Ndinabweza m'manja mwake."

"Zitsulo munaziona?"

"Ndinaona katoni, yotseka. Sindinatsegule. Tsiku lililonse ine ndimafunsa: baba, penti yauma, timange? Baba Kalebe amati mawa. Mawa, mawa, mawa." Anamwa tiyi pang'ono, kenako anaika kapu pansi n'kutambasula manja mpaka zala zinatsala pang'ono kukhudza makoma onse awiri. "Mama polisi, bampala ndi yaitali chonchi. Ine ndimabwerera ku Dzaleka pa kabaza, anthu onse akuona. Ndibisa kuti? M'thumba la malaya?"

Funso limeneli Manesi anayenera kudzifunsa yekha dzulo, asanamasule unyolo palamba. Anatola kapu ija isanathe n'komwe, n'kutembenuka.

"Mama polisi," anatero Andreya kumbuyo kwake. "Dzulo anthu akukankha ine, baba Kalebe sananene kuti ndine wakuba. Sananenenso kuti sindine. Anangoyang'ana nsapato zake."

*

A Roza, akazi a Kalebe, sankafunika kufunsidwa. Ankangofunika kutsegulidwa ngati mpopi.

"Ndi yemweyo, Manesi, usadzivute! Ndamudyetsa pano masabata onsewa, nyemba, mazira, tsiku lina mpaka nkhuku. Ndiye kundithokoza kwake n'kumeneku? Ine ndinangoti ndisese m'chipindamu, kukankha katoni ndi tsache, katoni n'kuyenda yokha! Kutsegula, mbee! Ndinakuwa mpaka a pachigayo anazimitsa injini."

"Koma loko sanathyoledwe, azakhali."

"Nanga si anadinda kiyi pa sopo! Amatero amenewa, ndinamva amayi ena akunena."

Manesi anagwada pambali pa katoniyo. Mapepala apulasitiki amene anakutira zitsulo anali momwemo, opindidwa bwinobwino ngodya ndi ngodya, aakulu pansi, aang'ono pamwamba. Pakona panali kathumba ka mabawuti ndi timapini tomangira timizere, kosatsegula. Wakuba wanji amene amasiya zomangira, n'kukhala pansi kupinda mapepala? Manesi anakulira m'nyumba imeneyi, ndipo munali munthu mmodzi yekha amene ankapinda ngakhale pepala la buledi. Ganizolo analikankhira kutali msangamsanga, monga mmene munthu amathamangitsira nkhuku pamphasa ya ufa. Munthu angadzibere yekha chifukwa chiyani?

Morisi inali pansi pa mtengo wa mango, yobiriwira, yosalala, koma yooneka ngati nkhalamba yovula mano. Malume ake anawapeza pakhonde, atavala jekete ngakhale kunali kotentha, nyuzipepala yakale ili pamwendo.

"Wapeza chiyani, mwana wanga?"

"Ndikufufuzabe, malume."

"Ndakhala ndikulingalira," anatero a Kalebe mwapang'onopang'ono, ndi mawu awo a pamsonkhano wa makolo. "Zinthu za pansi pano n'zakutha. Mwina ungomutulutsa munthu uja. Ine ndamukhululukira."

"Kukhululuka chiyani!" anakuwa a Roza ali m'nyumba. "Alamu anu akubwera kuchokera ku Mangalande, Manesi, adzapeze galimoto ili maliseche?" Kenako anakumbukira amene akulankhula naye. "Ndikunena amayi ako aakulu, a Margareta. Mutu wanga sukugwiranso."

Manesi anaponya maso pa malume ake. Iwo anali akuyang'ana nsapato zawo.

*

Zitsulozo anaitanitsa ndi Esperansi, mayi wa ku Burundi amene anali ndi kashopu ka zipangizo za magalimoto pamsika wa ku Dzaleka. Manesi anafikako dzuwa lili pamutu, fumbi la kabaza lili m'mano. Esperansi sanamupatse mpando. Anangotsegula foni n'kuiika patebulo, akumuitana kuti dada, kutanthauza mchemwali.

"Onani, dada. Zakale zenizeni sizipezeka, ndipo zikapezeka zimakhala zodyeka kale. Ndiye pali makampani opanga zatsopano motengera zakalezo. Mitundu ndi iwiri. Izi ndi chitsulo wamba, chongokutidwa zonyezimira pamwamba. Zikaona mvula kangapo zimayamba timadontho, kenako kusupuka, ndipo zina mabowo ake sagwirizana ndi a galimoto. Izi zinazi ndi chitsulo cha ngati masipuni, chonyezimira mpaka mkati. Andreya anabwera ndi miyezo ya mabowo onse, tinakhala pano theka la tsiku tikufananiza zithunzi. Baji ina inali yapulasitiki, anaikana. Mawilikapu ena chilembo chake chinali chonenepa kwambiri, anawakananso. Munthu wofuna kuba amavutika choncho?"

"Malume analipo?"

"Analipo, ndi mama. Ndiye mverani izi." Esperansi anatsamira patebulo. "Baba anafunsa kuti, zachitsulo cha masipunizi zikakhala pachinyontho, zimatenga nthawi yaitali bwanji kuti zioneke zakale? Ine ndinati sizichita, baba, ngakhale muziike m'chithaphwi. Dada, ine ndagulitsa katundu kuyambira kwathu. Kasitomala ukamuuza kuti chinthu sichiwonongeka, amaseka. Awa nkhope inagwa ngati ndawauza uthenga wa maliro."

"Ndiye anasankha ziti?"

"Iwo ankafuna zosupukazo. Anati zikufanana kwambiri ndi za bambo awo. Koma mama anati ayi, a Kamphinda, tisadzachite manyazi pamaso pa alamu, titenge zokhalitsa. Andreya nayenso anati zokhalitsa. Baba anatsegula pakamwa, anatseka. Tinaitanitsa zokhalitsa."

Manesi analemba m'mutu mwake: munthu wokhumudwa kuti chitsulo chake sichidzachita dzimbiri.

"Ndiponso ndikufunseni," anapitiriza Esperansi, mawu ake akukwera. "Morisi yotere m'mapiri onsewa ilipo imodzi. Wakubayo akagulitsa kwa ndani? Kwa mwini wake? Mkazi wa Andreya anali pano m'mawa, maso otupa. Ana ake lero sanapite kusukulu, anzawo akuwatcha ana a wakuba. Inu munafunsa ndani musanamumange?"

Manesi anathokoza ndi mawu otsika n'kutuluka, ndipo anamva maso a anthu a m'mashopu oyandikana akumuperekeza mpaka pasiteji.

*

Pobwerera anatsika kabaza pamphambano, kuti ayende pang'ono mutu uzizire. Kumpoto, pamwamba pa mapiri a Ntchisi, mitambo inali itayamba kusonkhana. Anakumana ndi ngolo yopanda kanthu, ndipo woyendetsa wake anali a Mateyu, bambo wa imvi amene ankatuta katundu wa mudzi wonse ndi kudandaula za mudzi wonse.

"Mwaswera bwanji, a Mateyu? Ngolo yopanda katundu mwezi uno?"

"Aaa, bwana, musandikumbutse. Ndi amalume anuwo. Chaka chilichonse nyengo ino ndimatuta manyowa m'khola mwawo kupita kumunda. Lero n'dapita, adandibweza. Dzana n'dapita, adandibweza. Akuti khola lisakhudzidwe mpaka chiliza chithe. Nanga chiliza ndi manyowa zikukhudzana pati? Mvula ndi iyo, ikuchita kutiyang'ana."

"Anapereka chifukwa?"

"Aphunzitsi amapereka chifukwa kwa ine? Koma n'kuuzeni, ukalamba wawayamba." A Mateyu anatsitsa mawu ngakhale panalibe wina womva kupatula ng'ombe. "Adandituma thumba la mchere, lalikulu, ati wa ng'ombe. Ng'ombe zawo zowerengeka zija zingamalize thumba? Ndiye n'dawaona ndi maso angawa akuthira mcherewo pansi, pakona ya khola, n'kuthirira madzi ndi kheni ngati adzala mpiru. Nditafunsa adati, Mateyu, iwe sayansi sudaphunzire."

"Linali liti limenelo?"

"Lamulungu, anthu ali kutchalitchi. Ine paja sindipitapita, mukudziwa. Iwo adatsala, ati mutu ukuwawa."

A Kalebe, amene sanajombepo kutchalitchi ngakhale chaka chimene anathyoka mwendo! Manesi anawerengera masiku. Ngati zinali choncho, ndiye kuti Lachiwiri, pamene Andreya ankagwira kiyi, katoni ija inali kale yopanda kanthu.

A Mateyu anakwapula ng'ombe mopepuka. "Mukawauze, bwana. Mchere umawononga manyowa."

*

Anali atatsala pang'ono kufika pakhomo pamene foni inalira. Anali a Margareta, mchemwali wamkulu wa a Kalebe komanso mkulu wa malemu mayi ake a Manesi, namwino amene anakalambira ku Mangalande koma Chichewa chake chinatsala cha m'ma sikisite.

"Manesi, mwana wa mng'ono wanga! Masutikesi ndamanga kale. Galimoto ya atate ikuoneka bwanji? Kalebe sakunditumizira zithunzi, akuti ndidzaone ndekha."

Zinaoneka kuti za kuba sanauzidwe. Manesi anayankha mosamala. "Ikuoneka bwino, amayi. Koma ndifunseko, zonyezimira zija munagwirizana zotani ndi malume?"

"Zotaninso? Ndinamuuza kuti penti asinthe, matayala asinthe, koma zonyezimira ndikufuna zomwe zija, ngakhale zili ndi dzimbiri. Atate ankazipukuta okha Loweruka lililonse, ndi phulusa losefa ndi kansalu, ine nditawagwirira beseni. Ndikufuna ndidzaike dzanja pamene ankaika dzanja lawo. Ndipo Kalebe, Mulungu amudalitse, anati zonse anazimasula kalekale n'kuzisunga m'bokosi la atate. Zaka zonsezi ndikamufunsa amati zili bwino. Ndi ana angati amasunga za makolo choncho?"

Manesi sanamve bwino zimene anayankha. Anali ataima pampanda wa malume ake, ndipo patsogolo pake abakha anali akumwa madzi m'mbale yawo ya masiku onse, mbale yachitsulo yopindikapindika, yakuda ndi ndere. Anaiona kambirimbiri pa moyo wake. Anathamangitsa abakhawo n'kuigudubuza ndi nsonga ya nsapato. Kunsi kwake, pakati pa dzimbiri, kunali chilembo cha M.

Anakumbukira. Amene anaigwejula pa tayala anali iye mwini, ali kamtsikana, ndi mpeni wa kukhitchini, atatumidwa kukapeza chomwera abakha. Galimotoyo nthawi imeneyo inali itakhala pamiyala, nkhuku zikuikira mazira pampando wakumbuyo. Timizere ta m'mbali anyamata a pakhomo anapangira magalimoto a mawaya. Baji inapita pa njinga ya msuweni wina, njingayo n'kugulitsidwa. Palibe anaba kanthu. Banja lonse linangoidya galimotoyo pang'onopang'ono, aliyense n'kachidutswa kake, ndipo malume ankaona n'kungokhala chete.

Anakweza maso kuyang'ana kukhola. Chitsulo chopingasa pakhomo pake, chimene ankachikweza ndi kuchitsitsa ubwana wake wonse, chinali chopindika nsonga zonse ziwiri.

*

Anatenga khasu kuseri kwa khitchini. A Roza anali atapita kudimba, ndipo ng'ombe zinali zisanabwere kubusa. Pakona ya khola ndowe inali yonyowa kuposa pena paliponse, ndipo m'mbali mwake munali mutayera ndi mchere.

"Manesi." Malume ake anali ataima kunja kwa khola. "Yunifomu yako ida."

"Yada kale, malume."

Sanakumbe kwambiri. Khasu linagunda chitsulo, ndipo anamaliza ndi manja. Anatulutsa bampala, kenako inzake, kenako mawilikapu ndi timizere, zonse zomata ndowe. Anatenga kheni ija, imene inali pomwepo, n'kuthira madzi pa wilikapu imodzi. Ndowe inatsetsereka. Chitsulo chinatuluka chili waliwali ngati changochoka m'pepala, ndipo Manesi anadziona momwemo, nkhope yotambasuka, chipewa cha boma chili pamutu.

A Kalebe analowa m'kholamo ndi nsapato zawo zopolisha. Anayang'ana wilikapuyo nthawi yaitali.

"Ngakhale kadontho," anatero motsitsa. "Khasu ukaliiwala m'khola muno masiku ochepa chabe, umalipeza lofiira. Mayi uja atanena kuti sizichita dzimbiri, ndinati ndi chilankhulo cha ogulitsa. Ndinati ndowe ndi mchere sizingalephere."

"Munkafuna zioneke ngati za agogo."

"Ndinanama kamodzi kokha, Manesi, kalekale, pafoni. Anandifunsa ali ndi chisoni cha maliro a atate, ndipo sindikanatha kumuuza kuti bampala ya atate ikutsekera ng'ombe. Kenako chaka chilichonse ankafunsanso."

"Nanga azakhali? Iwo akudziwa kuti munagula zatsopano. Akanangolankhula tsiku loyamba lomwe."

"Ndinati ndidzawauza zikachita dzimbiri."

Nzeru yake inali yobowoka ngati dengu, ndipo tsiku lina Manesi akanaseka. Koma m'chitokosi munali munthu.

"Lachinayi bwanji simunalankhule?"

A Kalebe anavula magalasi. Popanda magalasiwo ankaoneka okalamba kwambiri. "Azakhali ako atakuwa, anthu anadzaza bwalo lonse. Ndinatsegula pakamwa, n'kuona akulu a mpingo anzanga, n'kuona ana amene ndinawakwapulapo chifukwa cha bodza. Ndinati ndilankhula anthu akachepa. Anthu sanachepe. Kenako unafika iwe, unyolo uli kale m'manja."

Mawu omalizawo sanawanene momudzudzula, koma anamulasa Manesi kuposa mbama.

"Mwana wanga," anapitiriza, "sindinakupemphepo kanthu chikulerere. Ukanene kuti zapezeka kutchire, wakuba anazitaya pothawa. Munthu uja atuluka, ndipo nkhani ithera pomwepo."

Manesi anaona kuti n'zotheka. Palibe akanafunsa zambiri. Koma anaonanso kuti pamsika ponse pakanamveka kuti wa ku Congo uja anachita mantha n'kuulula pamene anabisa, ndipo ana ake akanakhala ana a wakuba mpaka kukula. Anayang'ana munthu amene anamugulira nsapato zake zoyamba, ndipo mtima unamuwawa.

"Zakutchire sindinena, malume. Ndikanena kuti zapezeka pakhomo pa mwini wake ndipo panalibe kuba. Mawa m'mawa abwana akasayina, mubwere mudzamuuze nokha. Kwa anthu ena sindilengeza."

Anaona ngati wapeza njira yapakati, yosapweteka aliyense kwambiri. Anapita kwawo akudziyamikira pang'ono.

*

Loweruka linali tsiku la msika. Manesi anakonzeratu kabaza n'kumuimika kuseri kwa ofesi, kunjira ya kuchigayo. A Kalebe anafika atavala suti ya Lamulungu, atanyamula bampala imodzi ngati umboni, yotsukidwa koma yonunkhabe khola. Anaima pakhomo pa chitokosi n'kufotokoza zonse, osadumpha kanthu. Andreya anamvetsera osawadula. Atatha, anangogwedeza mutu.

"Ndamva, baba."

"Kabaza ali kuseri, bambo Andreya," anatero Manesi mofulumira. "Akakutulani pakhomo penipeni. Zida zanu ndi izi, zonse zilimo."

Andreya analandira chikwama chake, anachitsegula, anayang'anamo, anachitseka. Sanasunthe.

"Kuseri?"

"Ndi kwachidule. Kulibenso anthu."

"Mama polisi, Lachinayi njira yachidule inalipo?"

Andreya sanadikire yankho.

"Ine ntchito yanga ndimapeza pamsika uwu. Wa minibasi, wa lole, wa chigayo, onse anaona ine ndi unyolo. Ndikapita kuseri, iwo aona chiyani?" Anakoleka chikwama paphewa. "Tinabwera pamsika. Tibwerera pamsika."

Manesi anatembenukira kwa malume ake, akuyembekeza kuti akana, mwinanso akufuna kuti akane. A Kalebe anayang'ana nsapato zawo komaliza. Kenako anawerama, ananyamula bampala ija n'kuiika paphewa la suti.

Anatuluka atatu, Andreya patsogolo, manja ake ali poyera. Dzuwa linkamenya pa chitsulocho n'kuthwanimira m'maso mwa anthu, moti ngakhale amene sankafuna kuona anaona. Ogulitsa kaunjika anasiya kuitanira. A Mateyu anaimitsa ngolo pakati pa msewu. Pamabenchi a tomato panali a Roza, dengu lili m'manja, kukamwa kuli yasa.

"Wakuba uja wamasulidwa!" anakuwa wina kumbali ya mabutchala.

Andreya anaima pomwepo, pafupi ndi mjigo, pamalo pamene Lachinayi wina anamuponyera chitsononkho kumaso. Anaika chikwama pansi n'kudikira.

A Kalebe anavula chipewa. Mawu amene kale ankafika kumapeto kwa bwalo la sukulu anatuluka osweka, koma anamveka. Ananena kuti zitsulo sizinabedwe. Ananena kuti anazikwirira okha m'khola mwawo, kuti anamize mchemwali wawo. Ananena kuti munthu uyu anagona m'chitokosi iwo akudziwa zoona, ali pabedi lawo. Dengu la a Roza linagwa, tomato n'kumwazika m'fumbi, ndipo palibe anawerama kuti atole.

Manesi anapuma mozama. Zatha, anaganiza. Anayang'ana kutsogolo kuti apitirize ulendo.

Andreya sananyamule chikwama chake. Sankayang'ananso a Kalebe. Ankayang'ana iye, mofatsa, mopanda mkwiyo, ngati mmisiri amene akuona kuti bawuti imodzi yatsala.

Msika wonse unatsata maso akewo. Manesi anaona amayi amene amamugulitsa masamba, anyamata a kabaza amene amamuopa, wapolisi mnzake ataima pakhomo pa ofesi. Anatsegula pakamwa, ndipo mumtima munabwera kaganizo kokoma kakuti alankhula anthu akachepa. Apo m'pamene anamvetsa chimene chinawagwira malume ake Lachinayi.

Anavula chipewa cha boma n'kuchigwira ndi manja awiri.

"Amene anamumanga bamboyu osafunsa funso ngakhale limodzi ndine," anatero. "Ndipo njira yachidule ndinkaidziwa."

Andreya anawerama n'kunyamula chikwama chake.